Mutu 7: Madzi a Pampopi wa Tessa

1. Botolo la jamu

Loweruka masana, Tessa Pelletier anatsuka botolo la jamu n'kulitchera pampopi wa m'khitchini mwawo. Mpopi unatsokomola kaye, kenaka unalavula madzi ofiira ndi dzimbiri. Tessa sanadikire kuti ayereko. Anadzaza botololo, analitseka, n'kuliika pawindo.

Tessa anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wamtali, wosachedwa kuyankha. Ankakhala ndi mayi ake m'nyumba yakale yanjerwa ya pamsewu wa Canal, momwe munkakhalanso mabanja ena. Chiyambire nyengo yozizira, madzi m'nyumba monsemo anali otero. Zovala zoyera zinasanduka zachikasu. Madzi akumwa ankachita kugula, koma osamba anali omwewo, moti khanda la neba wawo linali ndi zidzolo thupi lonse.

Mawa lake linali Lamulungu la madzi. Mpingo wathu umatsegulira chaka chake ndi mwambo umenewu anthu akabwerako kutchuthi cha chilimwe. Aliyense amabwera ndi timadzi ta kumalo kumene kunakhudza mtima wake, amathira m'mbale imodzi yaikulu yagalasi, n'kunenapo mawu pang'ono. Madziwo amasungidwa, ndipo ndi amene abusa amadalitsira makanda chaka chonse.

Mayi ake, a Colette, analowa akuchokera kuntchito yawo yosamalira okalamba. Asanavule n'komwe nsapato, maso awo anagwera pawindo.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Madzi anga a mawa, Amayi."

A Colette anakoka mpando n'kukhala pansi.

"Iwe Tessa, takhala pansi undimvere. Nyumba ino ndi ya ndani? Ndi ya a Harlan Whitcomb. Wapampando wa mpingo ndi ndani? A Harlan omwewo. Bambo ako atatithawa, amene anatipatsa makiyi osafunsa zambiri ndi iwowo. Pangano lathu la lendi likutha mwezi wamawa, ndipo akafuna kutichotsa safunika kupereka chifukwa. M'tauni muno nyumba ina yoti ine n'kuikwanitsa mulibe. Akatitulutsa, ulendo ndi wa kwa azakhali ako, kukagona pabalaza, sukulu yako ino n'kuisiya, anzako n'kuwasiya. Iwe ukalankhula kutsogolo kuja, anthu akakutamanda, mawa lake aiwala. Otsala ndi nkhaniyo ndine. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, mwananga."

"Mwawaimbira foni kangati za madziwa?"

"Zimenezo ndi zanga."

"Ndiye amati chiyani? Amati, 'Ndi dzimbiri chabe, silipha munthu. Muzitsegula mpopi ataikeko kaye.' Ndimawamva ine, Amayi. Inu n'kumati zikomo!"

"Eya, ndimati zikomo, n'chifukwa chake uli ndi denga pamutu pako. Tamva. Patebulo paja pamakhala jagi ya anthu amene alibe madzi awo. Ukathire a m'jagi, ukanene kuti akuimira mtsinje wina wokongola, ukakhale pansi. Chaka chatha unatero, sunafe."

"Kukalasi ya achinyamata amatiuza kuti tisamanene zimene sitikuzikhulupirira."

"Amene amakuphunzitsa zimenezo ali ndi nyumba zawozawo," anatero a Colette.

Koma Tessa botolo lija sanalikhuthule. Analiika m'chikwama chake.

2. Pakhomo pa tchalitchi

Mpingo wathu ulibe chikhulupiriro chimodzi choloweza pamtima. Pabenchi limodzi pamakhala wokhulupirira Mulungu, wokayika, ndi wina amene anasiya kalekale koma amakonda nyimbo. Timati munthu aliyense ndi wamtengo wapatali ndipo azifufuza yekha choonadi. Timanyadira zimenezi, mwina mopitirirako muyeso. Timaitanana mayina oyamba, ngakhale abusa athu timangoti a Miriam. Chimene tonse timagwirizana popanda mkangano ndi khofi wa pambuyo pa mapemphero.

M'mawa umenewo pakhomo panaima a Eudora Thorndike, mayi wachikulire wa ndolo zazikulu, akulandira anthu. Iwowa ndiwo ankasunga mbale ya madzi, komanso anali mlangizi wa Tessa m'kalasi ya achinyamata. Ankamukonda mtsikanayu chifukwa cha mafunso ake ovuta.

"Tessa! Wabwera ndi madzi a kuti chaka chino? Tandionetsa."

Tessa anatulutsa botolo. A Eudora analiyang'ana, anayang'ananso a Colette amene ankalowa atazyolika, ndipo anamvetsa zonse. Anamugwira Tessa mkono n'kupita naye pambali, pomwe timapachika majekete.

"Mwanawe, ndikudziwa kuti zikukuwawa, ndipo sindikuti ukunama. Koma mbale ija si bwalo la milandu. Anthu amabwera ndi mitima yofewa lero. Wina akuthira madzi a kumanda kwa mwamuna wake, wina a kuchipatala kumene anachira. Ukaponyamo mlandu, waswa chinthu chimene si chako wekha. Komanso tamvera izi, ndakhalitsa pa dziko lino: munthu ukamuchititsa manyazi pagulu, makutu ake amatsekeka. Harlan ndimamudziwa kuyambira tili ana. Si munthu woipa ayi. Ndi amene amadzaza shelefu ya zakudya za osowa, ndipo sanena kwa aliyense. Lachiwiri tipite limodzi kwawo tikalankhule mofatsa. Ukayenda siya phazi, Tessa, ukasiya mlomo ukutsata. Ndipo usaiwale, sabata yamawa tikudalitsa mdzukulu wake, kakhanda kaja Juniper, ndi madzi a m'mbale yomweyi."

"Amayi akhala akulankhula mofatsa chiyambire chisanu," anatero Tessa.

"Ine ndikapita zikhala zina."

"N'zimene zikundiwawazo, a Eudora. Mukapita inuyo amva, akapita Amayi samva. Nanga zija za munthu aliyense ndi wamtengo wapatali zili pati?"

A Eudora anagwira ndolo yawo.

"Munandiuza nokha," anapitiriza Tessa, "kuti kupemphera ndi kunena zoona pamaso pa anthu amene umawakonda. Kapena munkanena zoona zoyera zokha?"

"Ndinanenanso kuti uziganizira amene zoonazo ziwagwere. Tayang'ana mayi ako."

Tessa anasuzumira mkati. A Colette anali atakhala pabenchi lakumbuyo, atafumbata chikwama chawo pamiyendo, maso ali pansi. Piyano inayamba kulira, ndipo a Eudora anathamangira kutsogolo.

3. Mzere wopita kumbale

A Miriam anayatsa lawi m'chikho monga timachitira poyamba mapemphero. Tinaimba, tinakhala chete pang'ono, kenaka iwo anaima pafupi ndi mbale.

"Mitsinje imachokera kosiyanasiyana koma imakumana," anatero. "Aliyense abweretse madzi a moyo wake. Mbale iyi ilandira onse."

Mzere unayambika. Kunena zoona, mwambo uwu ndi wokongola, koma uli ndi matenda ake. Pofika munthu wachisanu umayamba kumveka ngati mpikisano wa amene anapita kutali. Wina anathira madzi a ku Italy, n'kutiuza ndi dzina la hotela lomwe. Wina a kunyanja ya ku Maine, komwe banja lake lili ndi kanyumba kopumulirako. Amene anakhala chilimwe chonse pantchito ankatenga jagi ija mwachangu, kunong'ona mawu awiri, n'kubwerera pamalo.

A Harlan Whitcomb anafika ndi kabotolo kasiliva. Anali bambo wa imvi zosamalika, wa mawu okoma, amene ana onse ankamukonda chifukwa ankawagwira chanza ngati akuluakulu.

"Awa ndi a ku Iceland," anatero, "osungunuka kuchokera kuphiri la madzi oundana. Nditaima pamenepo ndinagwetsa misozi. Ndinadzifunsa kuti, kodi ana athu tidzawasiyira madzi otani?"

Anthu anagwedeza mitu. Ndipo musaganize kuti ankanama, misoziyo inali yeniyeni. Kungoti pali anthu amene maso awo amaona bwino zakutali.

Tessa anali kumapeto kwa mzere. Atafika patebulo, a Eudora anamukankhira jagi pafupi, mwakachetechete. Madzi a m'jagimo anali oyera mbee. Tessa anaigwira chogwirira. Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, ndipo mayi ake anapukusa mutu pang'onopang'ono.

Anaisiya jagiyo. Anatsegula chikwama, anatulutsa botolo la jamu, analikweza m'mwamba kuti aliyense alione, n'kukhuthulira onse m'mbale.

Kufiira kuja kunatsika pansi ngati utsi, kenaka kunafalikira mbale yonse. Madzi a ku Italy, a ku Maine ndi a ku Iceland onse anasanduka mtundu umodzi. Mayi wina wa kutsogolo anati, "Mayo!"

Tessa anayandikira maikolofoni. Mawu ake ankamveka mpaka kukhomo.

"Ine sindinapite kulikonse. Awa ndi a pampopi wa kwathu, pamsewu wa Canal, kuseri kwa tchalitchi chino. Ndi amene timasamba. Ndi amene limasamba khanda la neba wathu. Chaka chatha ndinathira a m'jagi n'kunena kuti akuimira mtsinje, koma ndatopa ndi madzi oimira. Eni nyumba auzidwa kambirimbiri. Afunsa kuti ana adzawasiyira madzi otani. Yankho lake ndi ili, a Whitcomb, lili m'mbalemu."

4. M'manja

Kenaka kunachitika chinthu chimene ndi anthu a mpingo wathu okha angachichite. Wina anayamba kuomba m'manja, wina n'kutsatira, mpaka pafupifupi tonse. Ife wachinyamata akalankhula molimba mtima timaomba m'manja, ngakhale akutinena ife tomwe. Zimatithandiza kumva ngati nkhaniyo yatha.

A Harlan anaimirira. Makutu awo anali atafiira, koma kumwetulira kunalipo ndithu.

"Tessa, zikomo kwambiri. Izi ndi zimene timafuna kwa achinyamata athu. Watipatsa zoti tilingalire. Ndikupempha kuti tikhazikitse komiti yoona za madzi ndi chilungamo, ndipo iweyo ukhalemo."

Mitu inagwedezekanso, anthu anapumira m'mwamba. Kwathu kuno nyumba ikamapsa timayamba tasankha komiti.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tessa sanachoke pamaikolofoni.

"M'manjamo musandiombere, sindinaimbe nyimbo. Ndipo mapaipi sakonzedwa ndi komiti, a Whitcomb. Amakonzedwa ndi munthu wa sipanala."

"Unditchule Harlan, mwananga, monga mwa nthawi zonse."

"Ndidzakutchulani choncho madzi akadzayera."

Kumwetulira kuja kunazima. A Harlan anatembenukira kwa anthu, manja atatambasula.

"Abale anga, nyumba ija ndi yakale, kusintha mapaipi si nkhani yamasewera. Ndipo ndinafunsa odziwa. Ndi dzimbiri chabe, sili..."

Sanamalize, chifukwa maso awo anagwera pambale ija. A Eudora anali ataigwira kale m'mbali kuti ainyamule.

"Ndikataye kukhitchini," anatero motsitsa mawu. "Tithiramo ena. Sabata yamawa pali khanda."

"Mutayirenji?" anafunsa Tessa. "Malizitsani, a Whitcomb. Silipha munthu. Ngati ndi abwino pathupi lonse la khanda la kwathu, dontho limodzi pamphumi pa Juniper livuta chiyani?"

Pabenchi lachiwiri, mayi ake a Juniper anakumbatira mwana wawo n'kumutembenuzira kumbali. Tessa anawaona, ndipo mtima unamupweteka, pakuti mayiwo sanamulakwire chilichonse. Koma mawu sanawabweze.

Apa palibe anaomba m'manja. Maso onse anapita kwa a Miriam, amene ankayang'ana mbale.

"A Eudora, isiyeni kaye," anatero. "Ndinakonza ulaliki wabwino wa lero, wonena za mitsinje, koma sindiulalika. Ndine amene ndanena kuti aliyense abweretse madzi a moyo wake. Sindinati oyera okha. Takhala tikuika jagi patebulo pano poganiza kuti tikuchita chifundo, kuti wosapita kutali asachite manyazi. Sindinadzifunsepo kuti jagiyi imatibisira chiyani. Tessa, mawu ako ena alasa ndi anthu osalakwa omwe, ndipo zimenezo udzaziganizire. Koma madziwa ndi athu tsopano. Asasefedwe, asatayidwe. Mbale ikhala pomwepa, aliyense wolowa aziiona, mpaka mpingo utadziwa chochita."

"Nanga mdzukulu wanga?" anafunsa a Harlan.

"Funso limenelo, a Harlan, ndikuganiza kuti muli ndi mphamvu yoliyankha kuposa ine."

Nyimbo yotsekera tinaiimba mozizira. Ambiri sitinkayang'ana m'buku, tinkayang'ana mbale.

5. Kuchipinda cha khofi

Khofi wa tsiku limenelo anali wovuta kumeza. Ena ankamusisita Tessa paphewa n'kudutsa mwachangu. Ena ankanong'onezana kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Bambo wina anamuuza kuti wamukumbutsa unyamata wake, n'kupita kukatenga donasi yachiwiri. Wofunsa kuti nyumbayo ili pati anasowa.

A Eudora anamudutsa atanyamula makapu. Anaima pang'ono.

"Ndikanakonda ukanandimvera," anatero. "Koma Lachiwiri ndipitabe kwa Harlan, ngakhale ndekha."

A Colette anaima pakona, kapu ili m'manja, osamwa. Tessa anapita kukaima pambali pawo, koma iwo sanamuyang'ane. Posakhalitsa a Harlan anadutsa pakati pa anthu n'kuima patsogolo pawo. Analankhula motsitsa, mwaulemu, ulemu wake wozizira.

"Colette, sindimayembekezera zimenezi. Ndinakulandirani ngati m'bale wanga pamene munalibe kolowera. Lero ndanyozeka pamaso pa ana anga ndi anzanga onse. Mawa ndibwera kunyumba. Tikambirane ngati nyumba ija ikukuyeneranibe."

Tessa anatsegula pakamwa, koma mayi ake anamugwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. A Colette anaika kapu pansi. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anadzutsa mutu.

"Mwanayu sindinamutume, a Harlan. Ndinamuletsa dzulo, ndamuletsanso lero. Za makiyi aja sindidzaiwala, ndipo ndimathokoza. Koma sananame. Bwerani mawa. Ndikakuphikirani tiyi wa pampopi womwewo, tikamwere limodzi tikukambirana."

A Harlan anawayang'ana ngati akuwaona koyamba. Anatembenuka n'kupita kukatenga jekete lawo.

Panja kunali kamphepo. A Colette ankayenda mwachangu moti Tessa, ndi miyendo yake yaitaliyo, ankachita kuthamangira. Atafika pakona ya msewu anaima n'kutsamira mpanda.

"Amayi, mwakwiya?"

"Ndakwiya. Ndakwiya nawe kwambiri, ndipo ndili ndi mantha. Unasankha wekha, koma nyumba ndi ya tonse awiri. Zimenezo uzidziwe."

"Pepani, Amayi."

"Ukupepesa kuti unathira?"

Tessa anayang'ana pansi. "Ayi."

"Ndiye usawononge pepani wako." A Colette anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuwongoka. "Tiye tidzere kusitolo, tikapemphe makatoni opanda ntchito."

"Ndiye kuti tikusamuka?"

"Sindikudziwa, mwananga. Tikaona mawa ngati akamwe tiyiyo."